Batani la Pepani

Achimwene anga a Shigetoshi amakhulupirira kuti palibe chamoyo chingawabisire kanthu. Akhala akugulitsa nsomba muno mu Choshi, tauni ya asodzi ya m'mbali mwa nyanja, zaka makumi anayi ndi zisanu, m'shopu yathu ya Uoshige imene bambo anatisiyira, ndipo akangoyang'ana diso la nsomba amakuuza tsiku limene inavuulidwa. Zimenezo sinditsutsa, ndaziona ndekha. Vuto ndi lakuti luso lawoli anapitirira nalo mpaka kwa anthu. Kasitomala akangolowa pakhomo, iwo andinong'oneza kale: "Uyu wakangana ndi mwamuna wake, agula yotchipa." Nthawi zina ankalasa ndithu. Akaphonya sankavomera, ankati mayiyo ndiye wasintha maganizo atafika pakauntala.

Ine ndine Tokiko, mlongo wawo wamng'ono. Ndimawathandiza m'shopumo chimwalirireni alamu anga a Fumie, ndipo anthu amati ndine wapakamwa. Anene, nanga ukamakhala ndi munthu wouma khosi ngati uja ungakhale chete?

Nkhani ya alamuwo ndiyo gwero la zonse. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anagonekedwa m'chipatala. Mwana wawo ndi mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Chizuru, amalandira odwala pa kachipatala ka mano ku Nagoya. Lachiwiri anaimba foni ali ndi nkhawa: "Bambo, ndikwere sitima lero?" Achimwene anali atangochokera kokaona odwala, ndipo anamuyankha osakayika m'pang'ono pomwe. "Amayi ako ndawayang'ana m'maso, ali bwino. Usasiye ntchito pachabe. Ubwere Loweruka." Alamu anamwalira Lachinayi m'mawa.

Maliro atatha, tili atatu m'khitchini kuseri kwa shopu, Chizuru anaima pamaso pa bambo ake, maso ali psuu.

"Bambo, sindikufuna zambiri. Mungonena mawu amodzi. Mungoti pepa."

"Ndipepese chiyani? Ndine dokotala ine?"

Mwana ananyamula chikwama chake. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Mukadzawaphunzira mawuwo mudzandiimbire." Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso m'nyumba muno. Kumanda amapita, timapeza maluwa atsopano, koma amaonetsetsa kuti tisakumane. Ine amandiimbira kamodzi pamwezi, nthawi yopuma ya masana, pakuti kachipatala kawo kamatseka 1 koloko n'kutsegulanso 3 koloko. Ndikangotchula bambo ake amayamba kundifunsa za mvula. Achimwene amamufuna mwana wawo, ndikudziwa, chifukwa kapu yake ya tiyi amaitsuka mlungu uliwonse ngakhale palibe amamweramo. Koma mawu aja sankatuluka. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, mpaka ndinatopa.

Masewera a poka anawabweretsera ndi mnzawo wina wogulitsa ayezi kudoko, amene anawaikira pa tabuleti. Kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana shopu imakhala zii, ndiye achimwene amakhala pa kreti kuseri kwa kauntala, mandala ali pamphuno, n'kumasewera ndi anthu osawaona. Ine masewerawo mpaka lero sindiwamvetsa bwino. Aliyense amalandira makadi awiri obisa, ena asanu amayalidwa pakati, kenako anthu amaponya timakobiri. Ukhoza kutaya makadi ako n'kupuma, ukhoza kutsatira zimene mnzako waponya, kapena kukweza kuti ena aope. Timakobirito n'tabodza, simungagule nato ngakhale tofu, kachakudya kotchipa ka soya kaja. Nditafunsa kuti nanga phindu lake n'chiyani, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Makadi ndi a ana, iwe. Apa timawerenga anthu."

Ndipo analidi ndi kope lalikulu, lonunkha nsomba, aliyense wosewera naye kawirikawiri ali ndi tsamba lake. Ankalemba nthawi imene munthu amafika patebulo, kangati amakweza, kangati amathawa, ndi makadi amene waonetsa pomaliza. Kawotchi kathu kophikira mazira kanasowa m'khitchini, ndinakapeza pakauntala: ati akuyezera masekondi amene munthu amaganiza asanaponye. Wofulumira kwambiri ndiye kuti anaganiza kale, wochedwa mwina akunamizira kuganiza, koma winanso amachedwa chifukwa akuganizadi. Nditawafunsa kuti tsono amasiyanitsa bwanji, anati diso. Diso lanji pamene munthuyo simukumuona? Anati ndikhale chete.

Dzina limene munthu amadzitcha pa masewerawo ankalilemba kamodzi kokha, timalemba tating'ono pamwamba pa tsamba, osalitchulanso. Iwo ankamupatsa lawo la nsomba. Panali a hirame, aja amagona pamchenga kudikira makadi abwino okhaokha, ndipo akangogwedezeka uthawe. Panali a fugu, odzitukumula ndi mphepo, koma ena mwa iwo ali ndi poizoni weniweni. Ndiye panali a iwashi, kansomba kakang'ono kaja dzina lake m'kalembedwe kathu timaphatikiza chizindikiro cha nsomba ndi cha kufooka, anthu ongobwera kudzadyedwa.

Pa masewerawo sungalembe mawu akoako, ati anthu ankatukwanana kwambiri, ndiye anangosiya mabatani asanu ndi limodzi. Ukadina, kachidole kamatuluka n'kukunenera: Moni, Zikomo, Mwasewera bwino, Mayo ine, Fulumirani, ndi Pepani. Ka Pepani kamawerama mpaka chipumi kugunda pansi. Koma osewera onse amadziwa kuti batani limenelo si lopepesera ayi, amadina ukamudya mnzako timakobiri take tonse, kuti zimuwawe bwino. Achimwene ankalikonda koopsa, ankadina uku akuseka mpaka kutsokomola.

"Taonani munthu," ndinatero tsiku lina. "Pakamwa pakukanika zaka zonsezi, koma chala ndiye chikupepesa kakhumi patsiku."

"Si kupepesa uku, iwe, n'kunyoza. Za masewera sudziwa, pita ukapale mamba."

Tsono pakamwa pangapa ndi pamene panayambitsa chisokonezo. M'mwezi wa Okutobala Chizuru ataimba, ndinayamba kudandaula kuti bambo ake apenga ndi makadi a pa tabuleti, makasitomala amaima iwo ali kalikiliki kulemba m'kope. Ndinkayembekeza kuti andifunsa za mvula. Koma anandifunsa kuti, "Masewera ake ati, azakhali? Amadzitcha ndani pamenepo?"

"Angadzitchenso ndani? Uoshige, dzina la shopu. Munthu wopanda manyazi."

Anangoti "Oo," n'kuyamba za mvula.

M'mawa mwake ndinawauza achimwene ali kutumbula nsomba. Mpeni unaima. Kenako anandiuza, osandiyang'ana, kuti pa masewerawo ukadziwa dzina la munthu ukhoza kumufufuza n'kukhala naye tebulo limodzi. Masana amenewo anasongola pensulo zitatu.

Kuyambira pamenepo sankaseweranso kuti apambane, ankasaka mwana wawo. Anthu amene ankakhala nawo patebulo kawirikawiri analipo mwina khumi ndi awiri. Anayamba kuwachotsa mmodzimmodzi: uyu analipo kale Okutobala asanafike, uyu amasewera ngati nkhalamba, uyu ndi hirame ndipo Chizuru sangagone pamchenga. Pomaliza anatsala ndi fugu wina wodzitcha Momo. Ameneyu yekha ndiye ankamutchula dzina lake lodzitcha, osati la nsomba.

"Ndi iyeyu," anatero, akugogoda kope ndi chala. "Momo amatanthauza pichesi. Chizuru anabadwa liti?"

"Pa 3 Malichi."

"Tsiku la maluwa a pichesi! Wamva? Ndiye taona mmene amakwezera, saopa munthu. Ukukumbuka pa Chaka Chatsopano mmene ankawadyera amalume ake onse pa makadi a maluwa, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi zokha? Ndinamuphunzitsa ndine. Komanso amadikira mpaka nthawi itatsala sekondi imodzi. Chizuru ankatero, akuluma mlomo."

Ine ndinakhulupirira. Koma mawa lake anandipeza ndikutsuka mabeseni n'kunena kuti si iye. Mnzawo wa ayezi anamuona Momo akusewera 10 koloko m'mawa, nthawi imene Chizuru amakhala pantchito. Mkuja wake anati ndi iye ndithu, mwina anali patchuthi. Mlungu wotsatira Momo anawadinira Fulumirani katatu motsatizana, achimwene n'kukhumudwa kuti mwana wawo sangawachite mwano wotere. Atagona n'kudzuka anati ayi, mwano umenewo ndi wa m'banja mwathu, anatengera azakhali ake. Abale inu, ine mutu unandizungulira. Lero ndi iye, mawa si iye, masamba a Momo anafika khumi ndi asanu, manambala okhaokha, ndipo nambala iliyonse inkatha kunena kuti inde, inkathanso kunena kuti ayi.

Ndinamufunsa mwini wake pafoni. "Iwe Chizuru, kodi umasewera makadi aja?"

Anaseka. "Azakhali, ine ndi makadi?"

Kuvomera sanavomere, kukana sanakane. Nditawafotokozera achimwene anandifunsa kuti anadikira masekondi angati asanaseke. Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi beseni.

M'miyezi yonseyi panali wina amene ankawasowetsa mtendere, ka iwashi kena kofika tsiku ndi tsiku itangodutsa 2 koloko ndi mphindi khumi. Ankati kamawatsekereza, iwo akufuna kuyang'ana Momo. Ndiye ankakadya msangamsanga, n'kudina Pepani, kachidole n'kuwerama, ka iwashi n'kuchoka. "Choka apa, tikufuna kuona anthu ife," ankatero. Tsiku lina ndinafunsa mongocheza kuti nanga kameneka mwakafufuza? Anandiyang'ana pamwamba pa mandala.

"Mwana wanga angakhale chitsiru chotere? Uzilemekeza magazi ako, Tokiko."

Ndinaona ngati akunena zoona, Chizuru sanakhalepo wopusa. Ndinaisiya pomwepo.

M'mwezi wa Juni eni masewerawo anaitana osewera amene anachita bwino kuti akakumane ku Chiba, asewere maso ndi maso ndi makadi enieni. Pamndandanda panali Uoshige, panalinso Momo. Achimwene anauwerenga mndandandawo kasanu. Lamulungu lake anatseka shopu, anavala suti yawo ija imodzi yomwe ya ukwati ndi maliro, n'kudzaza bokosi la ayezi ndi iwashi za nyengo ya mvula, zonona zija, zimene Chizuru ankazikonda kuposa tuna. Anasankha imodziimodzi, kuyang'ana diso. Ine ndinati ndipita nawo, wina ayenera kukawagwira akakomoka. M'sitima maola awiri onse milomo yawo inkayenda popanda mawu. Ndinadziwa chimene ankayeserera, sindinawaseke.

M'holo munali anthu oposa zana, aliyense ali ndi baji ya dzina lake la pa masewera pachifuwa. Achimwene anayamba kuzungulira ndi bokosi lawo, kusuzumira pachifuwa pa mzimayi aliyense. Mayi wina anadziphimba ndi chikwama. Ndinawakoka jekete: "Achimwene, atimangitsa, funsani kwa olembetsa!" Tisanafike n'komwe, mawu aakulu anamveka kumbuyo kwathu.

"Aaa, Uoshige! Bwana wa Pepani mwini wake!"

Titatembenuka tinaona chimunthu chadazi, mimba patsogolo, zaka ngati za achimwene omwewo. Pachifuwa pake panalembedwa Momo. Anawerama n'kudzitchula kuti ndi a Hanawa, anapuma pantchito yoyendetsa basi ku Funabashi. Anagwira dzanja la achimwene ndi manja awiri, kukondwa ngati apeza m'bale.

Achimwene anayang'ana baji, anayang'ana dazi, anayang'ananso baji.

"Dzinali munalitenga kuti?"

"Ndi la galu wanga. Kagalu kokongola, ndikuonetseni chithunzi?"

"Nanga kudikira kuja? Mumadikira mpaka itatsala sekondi imodzi."

A Hanawa anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Chikhodzodzo, achimwene! Ukalamba uwu. Ndimathamangira kuchimbudzi, pobwera ndimapeza nthawi yatsala pang'ono, ndiye ndimangodina chilichonse chili pafupi."

Masamba khumi ndi asanu, abale. Ine sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilire. Achimwene anangotambasula manja n'kuwapatsa a Hanawa bokosi la nsomba lija, iwo n'kulandira modabwa, akuthokoza mobwerezabwereza. Kenako anawonjeza: "Koma inu ndimakusirirani, muli ndi nsomba yanuyanu patebulo paja. Uja wofika itangodutsa 2 koloko. Ife tikangokweza amathawa, satipatsa ngakhale kakobiri kamodzi. Inu mukakweza ndiye amangobwera yekha. Munamudyetsa chiyani?" Achimwene sanamve, maso awo anali pakhomo la holo, kuyang'anabe aliyense wolowa. Ine ndinamva koma sindinazitengere kumtima. Achimwene anakhala patebulo, anagonja theka la ola lisanathe, tinakwera sitima kubwerera kwathu.

Lolemba m'mawa anandiponyera kope lija pakauntala.

"Uzikulungira nsomba. Masewera ndasiya."

Zinandimvetsa chisoni, kunena zoona. Munthu uja anaoneka wokalamba tsiku limodzi lokha. Cha m'ma 1 koloko, makasitomala atatha, ndinatenga kope kuti nding'ambe masamba. Mawu a a Hanawa anandibwerera, ndiye ndinati ndione kaye tsamba la ka iwashi kaja. Linali tsamba limodzi lokha, chakumapeto, lolembedwa mosasamala.

Tsiku loyamba kufika: 17 Okutobala. Ndinawerenga ndi zala, anali masiku atatu chichokereni foni ija ndinamuuza Chizuru za masewera. Pansi pake achimwene analemba ndi dzanja lawo lomwe: Ena akakweza amataya. Ine ndikakweza amatsatira, ngakhale alibe kanthu. Saganiza, sekondi imodzi. Chitsiru. Ndikadina Pepani amakhala pang'ono n'kuchoka. Tsiku limene ndaiwala kudina amakhalabe mpaka 3 koloko. M'munsi munali timizere ta zisanuzisanu towerengera masiku amene anamudya, tinali zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi kudza titatu. Ndiye ndinakweza maso pamwamba pa tsamba, pa timalemba tating'ono tija. Dzina lake linali Loweruka. Pambali pake achimwene anawonjezapo ndi pensulo: Koma Loweruka sabwera. Wosokonezeka mutu.

Ndinakhala pa kreti yawo ija. Mpaka 3 koloko, nthawi imene kachipatala ka mano kamatsegula. Mayo ine, mwana wa achimwene!

Ndinawapeza kuseri akunola mpeni. Ndinawaika kope pamphuno.

"Werengani."

"Ndati uzikulungira nsomba."

"Werengani, a katswiri owerenga anthu! Yambani pamwamba, dzina lakelo. Munamuuza kuti abwere liti mwana uja?"

Anavala mandala. Anawerenga tsamba lonse, anabwereranso pamwamba. Mpeni anauika pansi pang'onopang'ono.

"Ayi. Anthu ambiri akhoza kudzitcha Loweruka."

"Ambiri amene amathawa aliyense n'kumatsatira inu nokha?"

"Chizuru sasewera choncho. Ndinamuphunzitsa ndine, sangamatsatire ndi makadi achabechabe."

"Ndani wakuuzani kuti amabwera kudzasewera?"

Anakhala pansi penipeni, pasimenti ponyowa, ndi epuloni yawo. Sindinawaonepo achimwene atasokonezeka chotero, ngakhale pamaliro a alamu.

"Koma batani lija n'lonyoza, Tokiko. Aliyense amadziwa. Iyenso amadziwa. Ndiye kuti miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikumunyoza mwana wanga tsiku ndi tsiku?"

"Kaya."

"Kapena iye ndiye amandinyoza ine? Kundionetsa kuti chidole chikutha kunena zimene ine ndikulephera?"

"Kaya, achimwene."

"Kapena amangofuna kumva, ngakhale akudziwa kuti n'zabodza?"

Mpaka lero sindidziwa yankho la funso limenelo, ndipo Chizuru sindinamufunsepo. Ndinangowalozera wotchi ya pakhoma. Inali itakwana 2 koloko.

Anasamba m'manja kawiri, n'kutsegula tabuleti. Tinakhala tonse kuseri kwa kauntala, mitu itagundana. Patebulo panali anthu anayi osawadziwa. Mphindi zisanu zinadutsa, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi. Itakwana mphindi khumi, mpando wopanda munthu unawala, dzina n'kuoneka: Loweruka.

Makadi asanagawidwe n'komwe, asanadye aliyense kakobiri, achimwene anadina Pepani. Kachidole kanatuluka, kanawerama mpaka chipumi pansi. Wina patebulo anayankha ndi Mayo ine, kuganiza kuti nkhalamba yaphonya batani. Achimwene anadinanso.

Makadi anagawidwa, nthawi ya Loweruka yoti aponye inafika. Munthu wa sekondi imodzi uja sanadine kanthu. Kamzere ka nthawi kanayamba kufupika, kobiriwira, kenako kachikasu, kenako kofiira. Ena anayamba kudina Fulumirani, Fulumirani. Kamzere kanatha, makadi ake anatayika okha. Kenako mpando unazima, wachoka.

Achimwene analanda kope m'manja mwanga n'kuyamba kutembenuza masamba ngati wotaya chiphaso.

"Sanachitepo zimenezi. Masekondi makumi atatu onse! Zikutanthauza chiyani? Wakwiya? Akulira? Kapena netiweki yavuta? Kapenatu si iye, Tokiko, mwina ndi dalaivala winanso wa chikhodzodzo."

Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinawalanda kope n'kuliponya m'ndowa ya matumbo a nsomba.

"Mwawerenga mokwanira! Munawerenga maso a alamu, munawerenga galu wa a Hanawa, zakwana. Foni iyo apo. Mwana anati mudzamuimbire, sanati mudzamudinire chidole."

Anayang'ana foni ya shopu, yakuda ija timalandirira maoda. Anaimirira, anavula epuloni, anaipinda bwinobwino ngati akupita kukachisi. Atanyamula foni anaima, n'kunditembenukira ndi nkhope ya mwana wosochera pamsika.

"Nambala yake sindiidziwa."

Ndinawadinira ndine, n'kuima pafupi kuti ndizimva. Sindibisa, ndinaika khutu langa pomwepo. Inaitana kamodzi kokha. Mbali inayo kunkangomveka kupuma kwa munthu amene mphuno zatsekeka.

Achimwene anatsegula pakamwa.

"Iwashi za chaka chino zabwera zonona."

Ndinawamenya ndi chopukutira m'manja pamsana, mwamphamvu ndithu. Anatsokomola, anagwira kauntala ndi dzanja linalo, anatseka maso.

"Chizuru. Ndinalakwitsa. Ndinkaona ngati ndikudziwa, koma sindinkadziwa kanthu. Ndinakulanda amayi ako masiku awiri omaliza. Pepa, mwana wanga. Pepa."

Achimwene anadikira. Ndinawaona milomo ikuyenda, akuwerenga masekondi osadziwa kuti akutero. Kenako mawu a Chizuru anamveka, aang'ono, osweka.

"Nenaninso, bambo. Lachidole ndalimva kambiri."

Ananenanso. Ananena kachitatu, ndipo kachitatuko mawu sanathe bwino, misozi inali itafika kale pachibwano. Inenso ndinali kulira, chopukutira chomwe ndinawamenyera chija chili kumaso.

Chizuru anapuma mozama. "Chabwino. Ndiona za kuntchito. Ndibwera Loweruka."

Achimwene anagwira foni ndi manja onse awiri.

"Ayi. Usadikire Loweruka. Kwera sitima lero."